Wayilesi Isanayankhe

A Hilario Alufandika tinawaika m'manda ku Ngabu chaka chatha, m'mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake. Ambiri amene anabwera pamaliropo ankawadziwa ngati mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa nimu, pafupi ndi msika. Koma ife ochokera kutsidya kwa Shire, kumtunda kwa Chiromo, tinkawadziwa ndi dzina lachipongwe lakuti a Dikirani. Ndalemba mbiri yawo chifukwa dzinalo anapatsidwa mopanda chilungamo, ndipo amene anawapatsa akali moyo. Ena mwa iwo ndimadya nawo mbale imodzi.

Anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki. Makolo awo anawoloka nawo ali kumbuyo, pothawa ntchito yokakamiza ya m'minda ya thonje ya Apwitikizi, nakhazikika ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Sukulu anailekera panjira, koma ankalemba mooneka bwino, ndipo ankalankhula Chisena, Chimang'anja, ndi Chingerezi chokwanira kulandirira uthenga. Pa unyamata wawo ankanyamula katundu pasiteshoni ya sitima. Sitima ikachoka, anzawo ankapita kukawedza, iwo n'kuima pawindo la ofesi kuonerera mmene akalaliki ankatumizira mauthenga pa lamya. Choncho amishoni atamanga kachipatala kumudzi kwathu, naikamo wayilesi yotumizira mauthenga, munthu wofatsa amene anamupeza woti aziisamala anali a Hilario.

Amene sanakhaleko kwathu sangamvetse kuti wayilesiyo inali chiyani kwa ife. Mvula ikagwa kumapiri, madzi amatsika onse n'kudzagona pa ife. Msewu umasanduka dambo. Nthawi yotero, munthu akadwala matenda oposa nzeru za kachipatala kathu, njira inali imodzi: kuuza chipatala chachikulu cha ku boma kuti chitumize bwato la injini. Ndipo ku bomako sankamvetsera tsiku lonse. Ankatsegula wayilesi yawo m'mawa kwa kanthawi, n'kutseka, n'kudzatsegulanso dzuwa litapendeka. Wophonya m'mawa ankadikira madzulo.

Wayilesi yathuyo inali chibokosi chachitsulo chobiriwira, ndipo inali ndi mwambo wake. A Hilario ankayamba aliza kainjini kodzaza batire. Kenako ankatembenuza kabatani, n'kuyaka kanyali kofiira. Kanyaliko sikankatanthauza kuti zakonzeka. Timababu ta m'kati tinkayenera kuyamba tafunda, ndipo m'nyengo ya chinyezi tinkachedwa. Tikafunda, bokosi linkayamba kuchita phokoso longa la nsomba m'mafuta otentha. Apo m'pamene ankaitana ku boma, n'kukhala chete, n'kuitananso, mpaka mawu a kutali atabwera: "Takumvani, lankhulani." Pokhapo m'pamene ankanena uthenga. Munthu akawafulumizitsa ankamuyankha mofatsa kuti, "Dikirani pang'ono. Mawu osayankhidwa sanapite."

Mwambo umenewu sunali chinsinsi chawo. Wayilesiyo inkamveka mpaka panja, ndipo anthu odikira mankhwala ankaumva tsiku ndi tsiku. Amayi potunga madzi ankaseka kuti wayilesi ya a Hilario ili ngati mkamwini waulemu, salankhula asanapatsidwe malo. Ana ankasewera ndi chitini ndi chingwe, wina akuchita phokoso ngati la mafuta otentha, wina akuyankha kuti takumvani. Mudzi wonse unkadziwa kuti popanda phokoso lija ndi yankho lija, palibe chimene chapita. Mfundo imeneyi ndikupempha kuti muisunge, pakuti mlandu wonse wagona pamenepa.

A Hilario anakwatira, nabereka ana aakazi. Mowa sankamwa. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Koma anali ndi mantha amodzi amene sankawachoka. Zaka zimenezo kutsidya kwa malire kunali nkhondo, ndipo munthu wobadwira kumeneko, wokhala tsiku lonse ndi makina olankhula ndi anthu osaoneka, anali wosavuta kumunamizira. Kunkangofunika munthu mmodzi wonena kuti mkulu uja amalankhula ndi asilikali a kwawo. Amene ananenedwapo zotere tinkadziwa kuti ena akatengedwa sankabwerako. N'chifukwa chake khadi lachipani ankagula anthu onse asanagule, ndipo pamsonkhano ankawomba m'manja mpaka zikhato kufiira.

Tcheyamani wa chipani m'dera lathu anali a Maclean Kampira, mwini kagolosale. Ndinene zoona: sanali munthu wankhanza. Anali wanthabwala, wopatsa, ndipo ankakonda kwambiri kuthandiza anthu, makamaka anthu ena akamaona. Iwo ankawatcha a Hilario "Mpwitikizi wathu", akuwasisita paphewa, ndipo a Hilario ankaseka nawo, chifukwa kodi akanatani?

Chaka china cha m'ma 1970 madzi anasefukira kuposa kale. Mabanja ambiri anathawira pabwalo la kachipatala, popeza pali pokwera, ndi mbuzi zawo, mitolo ya mapira ndi madengu a nyika, timizu todya ta m'dambo. Pakati pawo panali Otilia, mkazi wa Pedro, msodzi wa m'dambo. Anali ndi pathupi poyamba, ndipo matenda anamuyamba ali pomwepo. Kutacha, mzamba wa pachipatalapo, mayi Emelia, anatuluka m'chipinda cha amayi napita kwa a Hilario, amene anali atangoliza kainjini.

"Bambo Alufandika, mwana wapingasa. Ndayesa zonse, pano sindingathe. Itanani bwato, libwere lero lomwe."

"Pyadidi, chabwino, mayi. Ikangofunda, ndiitana."

Nthawi yomweyo kunja kunamveka nyimbo. A Kampira anali atafika pa bwato kudzaona anthu othawa madzi, ndipo amayi anali atavala nsalu zachipani kuwalandira. Mayi anga anali m'gulu limenelo, ine ndili kumbuyo kwawo. Pedro atawaona, anathamanga nakagwada.

"A tcheyamani, mkazi wanga akufa. Tithandizeni."

"Akufa ine ndili pano? Dzuka, Pedro, dzuka. Mpwitikizi wathu ali kuti? Bwera nayo kuno nkhaniyo, ndilankhula ndekha. Ku boma akamva kuti ndi Kampira, bwato linyamuka asanamalize tiyi."

Analowa m'kachipinda ka wayilesi, anthu n'kudzaza pakhomo ndi pawindo. A Hilario anali atangotembenuza kabatani. Kanyali kofiira kanali katayaka, bokosi lili zii.

"Bwana, mukadadikira pang'ono..." anayamba motero, mawu ali pansi.

"Kudikira chiyani, achimwene? Moto suwu wayakawu? Kapena ukufuna uyambe wapereka moni kwa azibale ako kutsidyaku?"

Anthu anaseka. Inali nthabwala, ndipo a Kampira ankaitenga ngati nthabwala. Koma a Hilario anaimva mmene munthu wa mantha amamvera, nabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma.

A Kampira ananyamula cholankhulira, nakonza kolala ya malaya. Anadzitchula dzina ndi udindo. Anapereka moni kwa akuluakulu a ku boma, nawatsimikizira kuti anthu a dera lawo ali pambuyo pa boma ngakhale madzi afike m'khosi. Kenako ananena kuti pali mayi wovutika pobereka, ndipo bwato libwere msanga. Analankhula momveka bwino, mwaulemu, mosaphonya liwu. Bokosi linali chete monga linalili. Atamaliza anamvetsera pang'ono, nagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zomukhutiritsa, natembenuza yekha kabatani kaja.

"Basi, amva. Tizimitse, batire ndi la boma ili, tisamaliseweretse."

Kunja amayi analuluta. Pedro anagwira dzanja la a Kampira ndi manja awiri, akuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, baba, takhuta." Ndipo pa anthu onse amene anadzaza pawindo paja, amene ana awo ankasewera masewera a chitini, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati: koma sinayankhe.

Ndafunsa anthu ambiri za mphindi imeneyo. Aliyense amandiyankha zofanana, kuti ankaganiza kuti wina anena. Amuna ankayembekeza a Hilario, popeza makina ndi awo. Amayi ankayembekeza mayi Emelia, koma iwo anali atabwerera kale kwa wodwala. Ndipo onse anakulira m'mwambo wakuti wamkulu sam'tsutsa pagulu. Ukamuona walakwa, umam'tengera pambali, anthu atabalalika, n'kumuuza mozungulira, kuti aoneke ngati wakumbukira yekha. Mwambo umenewu ndi wabwino pamilandu ya malire a munda, imene ingathe kudikira mawa. Tsiku limenelo unasakanikirana ndi mantha, ndipo palibe amene akanatha kulekanitsa kuti apa ndi ulemu, apa ndi kuopa ndende.

A Hilario anaganiza zotsata mwambo womwewo. Anati a tcheyamani akangochoka, ayatsanso wayilesi mwakachetechete, nthawi ya m'mawa isanathe. Koma a Kampira sanachoke. Pabwalo ponse panali matope, ndipo malo ouma a mthunzi anali khonde la kachipinda ka wayilesi. Anawatulutsira mpando wa a Hilario womwe, nakhala pakhomo penipeni, akumva madandaulo a anthu, akugawa mchere, akuseketsa nkhalamba. Kuyatsa wayilesi kumbuyo kwawo kukanamveka bwalo lonse: phokoso la mafuta lija, kuitana kuja, yankho lija. Kukanakhala kulengeza kuti tcheyamani walankhula ndi mphepo, ndi kuti amene akulengezayo ndi munthu wa kutsidya.

Mayi Emelia anatulukanso dzuwa litakwera, manja ali onyowa.

"Ati bwanji ku boma? Linyamuka liti?"

A Hilario anayang'ana a Kampira. A Kampira ndiwo anayankha.

"Lili m'njira, amayi. Ndalankhula ndekha. Inu kalimbikitseni mtsikanayo."

Mayi Emelia anayang'ana a Hilario nthawi yaitali. Iwo anayang'ana pansi. Mzambayo anandiuza, zaka zambiri pambuyo pake, kuti anamvetsa zonse pa kuyang'ana pansi kumeneko, ndipo nayenso anabwerera m'chipinda osanena kanthu, chifukwa anali ndi ana oti alere.

Nthawi ya m'mawa inatha. Anthu ankapita kugombe kukasuzumira bwato, n'kubwerako. Pedro anakhala komweko, m'madzi ofika m'maondo, akutchera khutu. A Kampira ananyamuka masana, akudabwa mokweza kuti anthu a ku boma ayamba ulesi. Dzuwa litapendeka a Hilario anayatsa wayilesi, nadikira kuti ifunde, naitana. Yankho linabwera. Ku boma anati palibe uthenga uliwonse umene analandira m'mawa, ndipo bwato analitumiza nthawi yomweyo. Linafika dzuwa likulowa.

Otilia anapulumuka. Mwana, wamwamuna, anam'tulutsa atafa kale. Madokotala anati akanafika masana, mwina zikanakhala zina. Otilia sanaberekenso, ndipo patapita zaka zochepa Pedro anakwatira mkazi wina.

Madzi ataphwa kunachitika msonkhano pabwalo lomwelo. Mlandu unali woti uthenga wa a tcheyamani unasowa bwanji. A Kampira anati iwo analankhula, anthu onse ndi mboni. Anthu anavomera kuti analankhuladi. Tsono cholakwa chinali cha makina, ndipo makina anali ndi mwini wake. Wina anaimirira nati mkulu ameneyu ntchito yake n'kuuza anthu kuti dikirani, dikirani, lero wadikiritsa mwana wa Pedro mpaka kumanda. Dzina lija linabadwa pomwepo. A Hilario anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Anagwada, napepesa kwa a tcheyamani chifukwa chosasamala bwino wayilesi, napepesanso kwa Pedro. A Kampira, mwa chifundo chawo, anati nkhaniyi isapite patali, munthuyu angosiya ntchito. Anthu anawayamikira chifukwa cha mtima wabwino.

Sindikufuna kuwayeretsa a Hilario. Anadziwa kuti uthenga sunapite, ndipo anakhala chete m'mawa wonse, mkazi akubuula kuseri kwa khoma. Iwo eni sanadzikhululukire, ndipo ine ndilibe ufulu wowakhululukira m'malo mwa Otilia. Chimene ndikukana n'chakuti mlandu wa anthu odzaza bwalo unasenzetsedwa munthu mmodzi, ndipo anasankhidwa iyeyo chifukwa ndiye yekha amene sakanatha kuyankha. Pa onse amene anali pamenepo, iye ndiye anali ndi chifukwa chachikulu choopera. Iye yekha ndiye anayesako kutsegula pakamwa. Enawo, amene makolo awo anagona m'nthaka ino, amene palibe akanawauza kuti bwererani kwanu, anaseka nthabwala, naluluta, kenako nam'patsa dzina.

Anasamukira ku Ngabu ndi banja lawo, nayamba kumata machubu ndi kuwongola masipoko. Dzina linawatsata, chifukwa anthu a kwathu amapita kumsika kumeneko. Munthu ankatsika panjinga n'kufuula, "A Dikirani, tayala ili mundidikiritsa mpaka liti?" Iwo ankayankha, "Khalani apo, bambo, tiona," n'kupitiriza ntchito. Ana awo amati m'nyumba mwawo simunalowepo wayilesi, ngakhale yomvera nyimbo.

Otilia nayenso anadzakhala ku Ngabu, akugulitsa nsomba zouma. Benchi lake linali poonekera kuchokera pamtengo wa nimu uja. Zaka zonsezo ankapatsana moni m'mawa, moni wokha. Ine nditayamba kufufuza nkhaniyi ndinapita kwa iye, ndikuopa kuti andithamangitsa. Anandipatsa mpando, napitiriza kuingitsa ntchentche.

"Ukufuna kudziwa ngati ndimadziwa? Mwanawe, chipinda chimene ndinagona chinagundana khoma ndi cha wayilesi. Ndinamva mawu a Kampira onse, ndi moni wawo womwe. Mafuta aja sindinawamve. Takumvani uja sindinamumve. Kenako ndinamva nthungululu. Ndinati, Mulungu wanga, anthu onsewa agwirizana."

Ndinamufunsa ngati anawakwiyira a Hilario.

"Nkhabe. Kapena inde, poyamba. Koma ndikati ndiwakwiyire, ndiyambire pati? Nthungululu zija ndinazizindikira, mmodzimmodzi. Mayi ako ali ndi mawu okoma, ankatsogolera ndiwo."

Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo osatha kuyang'ana munthu kumaso. Mayi anga nditawafunsa sanakane. Anangoti, "Unali kumbuyo kwanga, ukanafuna ndikusiye ndi yani?" Funso limenelo mpaka lero likundivuta. Koma silifafaniza dzina lija, limene iwonso ankalitchula akamapita kukamatitsa chubu.

A Hilario anamwalira atadwala chifuwa kwa miyezi ingapo. Pamaliro panabwera anthu ambiri a kwathu, ndipo a Kampira anabwera nawo, atakalamba, akuyenda ndi ndodo, koma udindo akali nawo. Mwambo wa tchalitchi utatha, anapatsidwa mpata wolankhula m'malo mwa chipani. Anabwera ndi chimkuzamawu cha m'manja. Anachiika pakamwa, nayamba kunena kuti malemuwa anali munthu wokhulupirika, amene iwo anamuteteza pa nthawi yovuta. Chimkuzamawucho sichinali choyatsidwa. Akutsogolo ankamva mawu a nkhalamba, ofooka, otsekerezedwa ndi chitsulo. Akumbuyo ankangoona milomo ikugwedezeka. Ndipo tonse tinakhala chete, mitu ili pansi mwaulemu, monga mwa chizolowezi chathu.

Otilia anali pakati pa amayi, pafupi ndi bokosi. Sanaimirire. Analankhula ali chikhalire, ndi mawu ake a pamsika, omveka mpaka kumsewu.

"Dikirani, bambo. Sichinayake. Mukulankhula nokha."

Palibe anaseka. A Kampira anatsitsa chimkuzamawu, nachiyang'ana, nayang'ana kumene kunachokera mawu. Sindikudziwa ngati anam'zindikira Otilia. Ndikudziwa kuti anthu a kwathu onse anam'zindikira, pakuti ndinaona amuna aakulu akubisa nkhope m'zipewa, ndipo mayi anga anakoka nsalu kuphimba kumaso. Munthu wina anapita kukawayatsira. A Kampira anapitiriza, koma mwachidule, ndipo za kuteteza zija sanazibwerezenso.

Ndinadikira masiku otsatira kuti ndimve ngati Otilia waitanidwa kukafunsidwa. Sanaitanidwe. Lolemba anali pabenchi pake akugulitsa nsomba. Ndikudziwa kuti zaka zasintha pang'ono, ndi kuti mkazi wokalamba wopanda mwana alibe zambiri zoti alandidwe. Sindikunena kuti tsiku lija la madzi zikanatha chimodzimodzi. Mwina wonenayo akanavutika. Koma mawuwo anali omwewo, ochepa chomwecho, ndipo pabwalo paja panali pakamwa pambiri. Tinasiya kuti adzanenedwe ndi munthu yekhayo amene tsiku lija sakanatha kudzuka pamphasa.

Pamtanda wa pamanda ana awo analembapo kuti Hilario Alufandika. Pobwerera, m'basi yopita ku Chiromo, mayi wina wa kwathu anayamba kunena kuti, "Koma a Dikirani aja..." Analekeza pomwepo, nayang'ana pawindo, ndipo mpaka tinatsika palibe anamuthandiza kumaliza.